Dabi! Zinthu 24 zimene simunkadziwa za dzina la Derby

Loweruka masana, anyamata a ku Mpanshya akavala majezi kuti akumane ndi anzawo a ku Chimusanya, mbuzi ya opambana itamangidwa pamtengo kuseri kwa golo, simulephera kumva wina akufuula kuti lero ndi dabi. Pa wailesi n'chimodzimodzi: dabi ya ku Kitwe, dabi ya ku Lusaka, dabi ya ku Soweto. Tanthauzo tonse tikulidziwa. Ndi bola ya anthu oyandikana, imene wogonja alibe kothawira chifukwa mawa akumananso ndi womugonjetsa ku chigayo. Koma dzinali linachokera kuti? Talotani. Mwalota? Sungani yankho lanulo, muone ngati lifike nalo pa nambala 3.

1. Derby ndi mzinda, ndipo dzina lake silikhudza mpira ngakhale pang'ono. Uli pakati pa England, m'mphepete mwa mtsinje wa Derwent. Amene anautcha dzinali si Angelezi ayi, koma Aviking, ankhondo a m'mabwato ochokera cha ku Denmark amene analanda chigawochi m'zaka za m'ma 870. M'chinenero chawo linkatanthauza mudzi wa agwape. Eni nthaka ankautcha Northworthy. Mu 917 asilikali a mayi wina wolimba mtima, Æthelflæd, mwana wa Mfumu Alfred, anawathamangitsa alendowo. Mzinda anaubweza, dzina linawakanika. Ndiye mukamang'amba kukhosi pa bwalo kuti dabi, dziwani kuti mukuitana agwape.

2. Amalemba e, amatchula a. Mngelezi wa ku England amati Dabi, ndendende ngati inu. Amene amatsatira kalembedwe n'kutchula e ndi a ku America. Wina wodzimva sukulu akakudzudzulani kuti mukulakwitsa, musamuyankhe zambiri. Ingomufunsani kuti ndani pa awirinu akulankhula ngati Mfumu Charles.

3. Mpikisano wotchuka wa Derby sunachitikepo ku Derby. Ndi wa akavalo, ndipo bwalo lake lili ku Epsom, kumwera kwa London, makilomita oposa 200 kuchoka ku mudzi wa agwape uja. Unatenga dzina la munthu, Edward Smith-Stanley, amene anali Earl wa Derby wa nambala 12. Earl ndi udindo wa mabanja a eni malo, ndipo umayenda m'magazi. Mwina mukuti chabwino, ndiye kuti bwanayo ankakhala ku Derby. Ayinso. Likulu la banja lake ndi Knowsley, pafupi ndi Liverpool, ndipo zidzukulu zake zikali komweko. Pa nkhondo ziwiri zikuluzikulu za dziko lonse mpikisanowo unasamukadi ku Epsom, koma unapita ku Newmarket. Ku Derby osapondako.

4. Kandalama kamodzi kakanagwera mbali ina, bwenzi lero mukuti "Bunbury ya ku Kitwe". Nkhani imene Angelezi amakonda kukamba ndi yakuti mu 1779 Earl uja ankamwa ndi anzake ku nyumba yake yotchedwa The Oaks, pokondwerera kuti kavalo wake wamkazi, Bridget, wapambana. Mowa utayenda, anagwirizana zoyambitsa mpikisano wina. Dzina likhale la ndani, la mwini nyumba kapena la mnzake Sir Charles Bunbury? Anaponya ndalama m'mwamba, inakomera Earl. Koma musamumvere chisoni Bunbury. Pa 4 May 1780, mpikisano woyamba weniweniwo, amene anafika patsogolo anali kavalo wake, Diomed. Mwini dzina anadikira mpaka 1787 kuti alaweko Derby yake yomwe.

5. Diomed yemweyo anagulitsidwa ngati chotayika. Atakalamba, Angelezi anati watha ntchito, ana ake ngopanda pake. Mu 1798, ali ndi zaka 21, anamugulitsa pa mtengo wozizira n'kumukweza sitima ya pamadzi kupita ku Virginia, ku America. Kumeneko nkhalambayo inadzuka. Inabereka ana othamanga koopsa mpaka inafa mu 1808 ili ndi zaka 31. Magazi ake anayenda mibadwo, ndipo Aristides, kavalo amene anapambana Kentucky Derby yoyamba mu 1875, anali chidzukulu chake. Derby yoyamba ya ku England ndi yoyamba ya ku America, banja limodzi.

6. Kavalo amathamanga Derby kamodzi kokha moyo wake wonse. Lamulo limalola a zaka 3 basi. Akatsimphina tsikulo, kwatha, palibe za chaka chamawa. Mtunda wake ndi pafupifupi mamita 2,400, ndipo zonse zimatha m'mphindi ziwiri ndi theka, madzi a nsima asanatenthe n'komwe. Komabe kwa zaka zambiri za m'ma 1800 Nyumba ya Malamulo ya ku Britain inkatseka tsiku limeneli kuti aphungu akaonere. Ndipo tamverani iyi: m'mabuku a mpikisano, akavalo onse a ku Britain amawonjezera chaka pa 1 January, kaya anabadwa mu March kaya mu May. Mumayesa ndi osewera athu okha amene amakonda kubadwa tsiku limeneli?

7. Kunama zaka sikunayambire pa timu ya ana asukulu. Mu 1844 Derby inapambanidwa ndi kavalo wotchedwa Running Rein. Vuto linali lakuti sanali Running Rein. Anali Maccabeus, kavalo wa zaka 4, wamkulu ndi wamphamvu kuposa anzake, amene akathyali anamulowetsa pa dzina la mnzake. Lord George Bentinck ananunkhiza chinyengo, anafufuza mpaka anapeza sitolo kumene anagula mankhwala odetsera ubweya kuti akavalo awiriwo afanane. Nkhani inalowa m'khoti. Woweruza analamula kuti kavaloyo abwere naye, akatswiri amutsegule kukamwa, pakuti aliyense woweta ziweto amadziwa kuti mano sanama. Tsiku la mlandu, kavalo wasowa m'khola. Chikho chinapita kwa amene anali wachiwiri, dzina lake Orlando. Sizinathere pomwepo. Mu mpikisano womwewo munali kavalo wina wokayikitsa, Leander, amene anathyoka mwendo n'kuphedwa. Anthu atamufukula kuti aone mano ake, anapeza chibwano cha m'munsi wina wachidula kale.

8. Mfumukazi Elizabeth II analamulira zaka 70, anali ndi akavalo osawerengeka, anapambana mipikisano ina yonse ikuluikulu ya akavalo a zaka 3 ku England, koma Derby inamukana mpaka imfa. Anayandikira kwambiri mu 1953. Pa 2 June anavekedwa chisoti chaufumu, pa 6 June kavalo wake Aureole anafika wachiwiri. Amene anamulanda chikho anali Gordon Richards, wokwera pa kavalo amene anali atalephera Derby maulendo 27. Masiku ochepa m'mbuyomo mfumukaziyo inali itangolengeza kuti ikumupatsa ulemu wa Sir. Kuthokoza kwake kunali kumeneko.

9. Derby ya 1913 anthu amaikumbukira chifukwa cha mayi mmodzi. Emily Davison anali m'gulu lomenyera kuti akazi a ku Britain azivota. Pa 4 June, akavalo akukhota pa liwiro lalikulu, analowa pansi pa mpanda n'kuima m'njira ya Anmer, kavalo wa Mfumu George V. Anagundidwa, ndipo anamwalira patapita masiku 4. Makamera a kanema anajambula zonse. Akazi ena anayamba kuvota mu 1918, onse mu 1928. Chimene ambiri anaiwala n'chakuti tsiku lomwelo wopambana, Craganour, analandidwa chikho chifukwa chogunda anzake. Mwini wake anali Bower Ismay, mng'ono wa mkulu wa kampani imene inali mwini wa sitima ya Titanic, yomwe inamira chaka chimodzi m'mbuyomo.

10. Mwabedwapo ng'ombe? Pepani, koma imvani za Shergar. Mu 1981 kavaloyu anapambana Derby atasiya wachiwiri mtunda wa akavalo 10 ondondozana, mpata umene sunaonekepo mu mpikisanowu. Mwini wake, Aga Khan, anamugulitsa m'magawo pa mtengo wa mapaundi 10 miliyoni. Usiku wa pa 8 February 1983, anthu a mfuti obisa nkhope anafika pa khola lake ku Kildare, ku Ireland, n'kumukweza m'galimoto. Anafuna mapaundi 2 miliyoni. Eni ake anakana kulipira, poopa kuti mawa kavalo aliyense wodula azibedwa. Ambiri analoza chala gulu la IRA, koma palibe anaimbidwa mlandu. Mpaka lero, ngakhale chiboda chake sichinapezeke.

11. Yerekezani wokwera pa kavalo woyamba kupambana Kentucky Derby. Mwaona mzungu, eti? Anali munthu wakuda, mnyamata wotchedwa Oliver Lewis. Pa okwera 15 a tsiku limenelo mu 1875 ku Louisville, 13 anali akuda, chifukwa pa nthawi ya ukapolo ndi iwo ankasamala ndi kuphunzitsa akavalo. Isaac Murphy anapambana katatu. Jimmy Winkfield anapambana mu 1901 ndi 1902. Ndalama zitachuluka m'masewerowa, tsankho linawakankhira kunja. Winkfield anakamaliza kutchuka ku Russia ndi ku France, ndipo kuyambira 1902 palibe wakuda wina wa ku America amene wapambananso.

12. Nanga bola inalowa bwanji m'nkhani ya akavalo? Pano pali magulu awiri. Ena amati mpikisano wa ku Epsom unatchuka kwambiri mpaka anthu anayamba kutcha mpikisano uliwonse wodzaza anthu kuti dabi. Ena amati ayi, zinachokera mu mzinda wa Derby mwenimwenimo, mmene chaka ndi chaka, tsiku loti mawa lake ndi Lachitatu la Phulusa, anthu a parishi ya All Saints ankalimbana ndi a parishi ya St Peter's pa mpira umodzi m'misewu monse, mpaka kugwerana mu mtsinje wa Derwent. Anthu ankathyoka, katundu ankawonongeka. Mu 1846 akuluakulu a mzinda anaitana asilikali n'kuuthetsa. Magulu awiriwa sagonjerana mpaka lero. Ngakhale chiyambi cha dabi ndi dabi.

13. Mpira wamtundu umenewo sunafe. Pitani ku Ashbourne, katauni kamene kali makilomita pafupifupi 20 kuchoka ku Derby. Kumeneko timu susankha, amakusankhira ndi mtsinje. Wobadwira kumpoto kwa kamtsinje ka Henmore ali m'gulu la Up'ards, wa kumwera ali mu Down'ards. Osewera ndi mazanamazana. Magolo atalikirana pafupifupi makilomita 5, ndipo bwalo ndi tauni yonse: misewu, minda, mtsinje. Amayamba 2 koloko masana, amatha 10 koloko usiku, masiku awiri. Mpira amaudzaza ndi tizidutswa topepuka kuti uziyandama pamadzi, ndipo nthawi zambiri sakankha ndi phazi, umangoyenda pakati pa chimulu cha anthu okumbatirana. Eni masitolo amakhomerera matabwa pa mawindo. Kuti chigoli chiwerengedwe, umagogoda mpira katatu pa mwala wa mphero, ndipo wogoletsa amapita nawo kwawo. Malamulo ndi ochepa: osalowa kumanda, osanyamula mpira pa galimoto, osaubisa m'thumba. Ndipo lina limene amalitchula mosaseka n'komwe: osapha munthu.

14. Fufuzani madabi oopsa, mupeza kuti mwa ambiri a iwo matimu ake kale anali a nyumba imodzi. Everton ndiyo inkasewera pa Anfield. Mu 1892 anakangana za lendi ndi mwini malo, John Houlding, n'kusamukira ku Goodison Park, tsidya lina la paki. Houlding anatsala ndi bwalo lopanda timu, ndiye anangopanga yake: Liverpool. Ku Italy, Inter inabadwa mu 1908 kuchokera mwa anthu amene ananyanyala mu AC Milan. Ku Soweto, Kaizer Motaung anali mwana wa Orlando Pirates, anapita kukasewera ku Atlanta Chiefs ku America, pobwera mu 1970 anayambitsa Kaizer Chiefs, dzina lake kuphatikiza la mabwana ake akale. Ku Dar es Salaam, Simba inatuluka mu Yanga m'zaka za m'ma 1930, ndipo mpaka 1971 inkatchedwa Sunderland, dzina la mzinda winanso wa ku England. Ine ndimati ichi ndicho chinsinsi chonse. Mlendo akakugonjetsa umasamba n'kugona. Mbale wako akakugonjetsa, ngakhale ndiwo ya nkhuku imamveka ngati mankhwala.

15. "Blantyre Derby" imamveka ya Chimalawi kotheratu, koma mayina onse awiri anabwera pa sitima. Derby mwamudziwa kale. Blantyre ndi katauni ka ku Scotland kumene kunabadwira David Livingstone, ndipo amishoni anatcha malo awo dzinali mu 1876. Matimu ake nawonso ndi a mimba imodzi: Bullets inayamba mu 1967 ndi osewera amene anachoka ku Wanderers. Bullets ndi Maule ofiira, Wanderers ndi Manoma abuluu, onse pa Kamuzu Stadium. Ndipo masapota awo amatchulana dzina limene limafotokoza dabi bwino kuposa dikishonale iliyonse: neba. Neba akagonja ndi timu ya ku Mzuzu, amene amavina usiku wonse si a ku Mzuzu.

16. Kwathu kuno, dabi yeniyeni ili ku Kitwe. Nkana, Kalampa wa ku Wusakile, inayamba mu 1935 ndi dzina la Rhokana United, timu ya anthu a mu mgodi. Power Dynamos, achikasu a pa Arthur Davies Stadium, anabwera mochedwa mu 1971, ana a kampani ya magetsi. Nkana ili ndi zikho za ligi 13, zimene palibe wina wafikapo mu Zambia. Mu 1990 inafika ndime yomaliza ya chikho cha akatswiri a mu Africa, n'kugonja kwa JS Kabylie ya ku Algeria pa mapenate, mu Lusaka momwe. Chaka chotsatira, mng'ono uja Power anagonjetsa BCC Lions ya ku Nigeria n'kunyamula chikho cha opambana zikho mu Africa, timu yoyamba kumwera kwa Africa kuchita zotere. Funsani wa Kalampa kuti chimamuwawa kwambiri n'chiyani, mapenate a 1990 kapena chikondwerero cha 1991. Mufunse muli chapatali.

17. Ku Lusaka dabi ina imavala yunifolomu. Green Buffaloes ndi ya asilikali a pamtunda, Red Arrows ya asilikali a ndege, Nkwazi ya apolisi. Ku Mufulira nako, neba wa Mighty Wanderers a pa Shinde ndi Mufulira Blackpool, kumene kunatchukira Alex Chola asanapite ku Power. Blackpool weniweni ndi tauni ya m'mphepete mwa nyanja ku England kumene anthu amapita kukasambira. Ife nyanja yamchere tilibe, koma Blackpool tili nayo.

18. Ku Kenya anaipatsa dzina lokoma kuposa onse: Mashemeji Derby, dabi ya alamu. Gor Mahia ndi ya Aluo, AFC Leopards ndi ya Aluhya, mitundu yoyandikana imene imakwatirana kwambiri. Ndiye tsiku la mpira, amene mukumutukwana tsidya linalo ndi amene munamupatsa mlongo wanu. Ku Cairo zinafika pena. Al Ahly ya 1907 ndi Zamalek ya 1911 sakhulupirira Mwigupto mnzawo aliyense kuti angakhale wopanda mbali, moti kwa zaka zambiri refa wa dabi yawo amachita kumuitanitsa kunja pa ndege. Dziko la anthu oposa 100 miliyoni, wherulo n'kubwereka.

19. Timu ya mu mzinda wa Derby, Derby County, inakulira m'nyumba za eni. Inayambitsidwa mu 1884 ndi kalabu ya kiriketi imene inkafuna chopezera ndalama nyengo yozizira. Bwalo lake loyamba linali la mpikisano wa akavalo, Racecourse Ground. Mu 1895 inasamukira ku bwalo limene mwini fakitale wina, Francis Ley, anamangira masewero a ku America a baseball, ndipo inakhala pa Baseball Ground zaka 102, mpaka 1997. Chizindikiro chake? Mukuganiza kuti ndi gwape, poti ndi mudzi wa agwape. Ndi nkhosa yamphongo.

20. Mu 1946, nkhondo itangotha, Derby County inakumana ndi Charlton pa Wembley mu ndime yomaliza ya FA Cup. Bert Turner wa Charlton anadzimwetsa yekha chigoli, patapita mphindi imodzi n'kukabweza tsidya linalo. Masewero ali pafupi kutha, Jackie Stamps wa Derby anamasula chimzinga chopita ku golo, mpira n'kuphulika m'njira. Anabweretsa wina, Derby inapambana 4-1 m'nthawi yowonjezera. Chaka chotsatira Charlton inafikanso ndime yomaliza, ndi Burnley, ndipo mpira unaphulikanso. Angelezi anati zikopa za pambuyo pa nkhondo zinali zofooka. Zikanachitika pa bwalo la kwathu kuno kawiri kotsatizana, inu mukudziwa amene akanatchulidwa, ndiponso mudzi umene akanati anakagonako Lachisanu.

21. Mu 1972 Derby inatenga ligi ya England osewera ake ali pa tchuthi ku chilumba cha Majorca. Anali atamaliza masewero awo onse, Leeds ndi Liverpool atatsala ndi amodziamodzi. Leeds inagonja kwa Wolves, Liverpool inalepherana ndi Arsenal, uthenga n'kuwapeza ku hotela. Kochi wawo, Brian Clough, anachoka atakangana ndi mabwana, ndipo mu 1975 anatulukira kwa adani, Nottingham Forest, kumene anatenga chikho cha ku Ulaya kawiri, mu 1979 ndi 1980. Apa ndi pamene pali nthabwala yaikulu: mzinda umene dzina lake lili pa madabi onse a dziko lapansi ulibe dabi yakeyake. Muli timu yaikulu imodzi yokha. Kuti apeze wodana naye amayenda makilomita oposa 20 kupita ku Nottingham, pa msewu wotchedwa Brian Clough Way.

22. Timu yanu ikachita zamanyazi, pezani chitonthozo apa. Mu 2007/08 Derby County inasewera masewero 38 a Premier League, inapambana amodzi. Inagoletsa zigoli 20, inamwetsedwa 89, inatsiriza ndi mapointi 11, ochepetsetsa m'mbiri ya ligiyo. Inatuluka mu ligi mwezi wa March usanathe. Mwa mapointi 11 amenewo, 4 anachokera kwa timu imodzi, Newcastle. Ndipo m'timu imeneyo munali mwana wa ku Mufulira. Robert Earnshaw anabadwira kumeneko mu 1981, anakulirako ku Malawi, kenako banja linasamukira ku Wales, dziko limene analisewerera. Ndi yekhayo amene anagoletsapo zitatu m'masewero amodzi m'madivishoni onse 4 a ku England, mu FA Cup, mu League Cup ndi ku timu ya dziko. Derby inamugula mapaundi 3.5 miliyoni, iye n'kuwapatsa chigoli chimodzi cha mu ligi. Anamugulitsa kwa Forest. Atavala zofiira, anabwerera pa Pride Park, bwalo la Derby, nthawi imeneyi golo analipeza, n'kuchita chiphidigoli chake chija pamaso pa amene anamutaya.

23. Mwina Derby mwamuvala osadziwa. Nsapato zachikopa za zingwe zimene mumasankha pa salaula, zija zokhala ndi timapiko tiwiri tosokedwa pamwamba tomwe timatseguka kuti phazi lalikulu lilowe bwino, opanga nsapato amazitcha derby. Chipewa chozungulira cha Charlie Chaplin, ku America amachitchanso derby. Banja la a Stanley nalo silinalekere pa akavalo: Frederick Stanley, amene anadzakhala Earl wa Derby wa nambala 16, ali bwanamkubwa wa Canada anapereka chikho mu 1892, ndipo Stanley Cup ndiyo mphoto yaikulu ya hoke ya pa ayezi mpaka lero. Derby alinso ndi abale. Badminton ndi nyumba ya Duke wa Beaufort ku Gloucestershire. Rugby ndi tauni ya ku Warwickshire. Ndipo pa World Cup ya rugby ya 2003, kaputeni wa Australia anali George Gregan, wa South Africa anali Corné Krige. Onse awiri anabadwira ku Lusaka, kumene mabasi a pa Great East Road amakutsitsani.

24. Tinagwirizana kuti dabi ndi ya oyandikana. Ku Dundee, ku Scotland, amatsatira lamuloli mopitirira: mabwalo a Dundee ndi Dundee United ali mu msewu umodzi, moti timu yochezera imatha kungoyenda wapansi. Koma ligi ya ku Australia inalithyola. Perth Glory ili kumadzulo kwenikweni kwa Australia, Wellington Phoenix ili ku New Zealand, dziko linanso, tsidya la nyanja. Pakati pawo pali makilomita oposa 5,000, kutalika koposa kuchoka ku Lusaka kukafika ku Cairo. Akakumana, amati ndi Distance Derby, ndipo anaipangira ndi chikho chomwe. Ndiye anyamata a ku Chinyunyu akadzakana kubwera ku Mpanshya ponena kuti n'kutali, muwawerengere nambala imeneyi.